Yambani ndi tupa, lathe idzabwera pambuyo

Bambo, mwafunsa ngati munthu amene wapuma pantchito ali ndi zaka 61 angaphunzire kukonza mfuti n'kumapezapo kangachepe. Angathe. Inenso ndinayamba imvi zitamera kale. Koma ndalama ya penshoni musaikhudze kaye.

Musanagule ngakhale sikuludilaiva, kafunseni za malamulo a dziko limene muli, chifukwa ntchitoyi si ya m'chibisira. Ku America, wokonza mfuti za anthu ngati bizinesi amayenera kukhala ndi laisensi ya bizinesi ya mfuti yotchedwa FFL, yochokera ku bungwe la boma loona za mfuti la ATF, ndipo mfuti ya kasitomala ikagona kwa iye amailemba m'kaundula. Ku Britain amalembetsa kupolisi. Ngati kulemba mapepala kumakutopetsani, dziwiranitu kuti ali mbwee. Inshulansi nayonso musaiiwale.

Ambiri amabwera akulota zosema mpope watsopano wa mfuti pa lathe, makina ozungulitsa chitsulo pochisema. Ayi ndithu. Zomwe zimafika patebulo tsiku ndi tsiku ndi mfuti zadzimbiri, mafuta akale atauma ngati phula, sipuling'i yotopa, thabwa long'aluka. Mumamasula, kutsuka, kusintha kachitsulo kamodzi, n'kumanganso. Apa chida chachikulu ndi tupa ndi kuleza mtima. Amene anandiphunzitsa anandipatsa kachitsulo kuti ndikapale mpaka mbali zonse zisalale mofanana. Ndinatha milungu itatu, iwo akungokayang'anira kuwindo n'kupukusa mutu. Nthawi imeneyo ndinkaona ngati akundizunza, koma pantchitoyi timayeza mpaka 0.025 mm, kuchepa kuposa tsitsi limodzi, ndipo chitsulo ukachipala mopitirira sichibwerera.

Ndikuuzeni manyazi anga. Mfuti yoyamba imene munthu anandisiyira inali yakale, ya malemu bambo ake. Ndinatenga sikuludilaiva wamba, ija yosongoka ngati nkhwangwa, inaterereka n'kukanda chitsulo chonyezimira mzere wautali ngati chala. Mwini wake sanakalipe, anangousisita mzerewo ndi chala chachikulu, chete. Bola akanandilalatira. Kuyambira pamenepo sikuludilaiva ndimainola kuti ilowe ndendende m'kamwa mwa sikuluwu iliyonse.

Palinso timageji tiwiri, go ndi no-go, toyezera mpata wa pomwe chipolopolo chimakhala. Mpatawo ukakula, chikhokhombe cha chipolopolo chimatha kuphulikira kumaso kwa wowomba. Zimenezi sizophunzirira pa YouTube, pamafunika mmisiri ataima pambali panu. Masukulu alipo: Trinidad State College ku Colorado yakhala ikuphunzitsa lusoli kuyambira 1947, maphunziro a zaka ziwiri. Pamsinkhu wathuwu ine ndingati yambani ndi kosi yaifupi, kapena pemphani mmisiri wa laisensi kuti muzimuthandiza miyezi ingapo, ngakhale kusesa kumene. Mudzadziwa msanga ngati msana ndi maso zikulola.

Masowo ndiye nkhani. Ine ndimavala magalasi awiri mophatikiza, nyale ili pafupi ndi mphuno, ndipo ikakwana 3 koloko masana ndimasiya ntchito zofuna maso akuthwa. Mankhwala otsukira ndi fumbi la mtovu zimafuna magolovesi ndi mawindo otsekula.

Za phindu, zaka zoyamba ndalama imathera m'zida. Ngati mukufuna yolipirira nyumba, ganizaninso. Ngati penshoni ikukwanira ndipo mukungofuna chodzukira m'mawa, gulani vaisi yabwino (chopanira chitsulo patebulo) ndi matupa atatu. Tandiuzani, kale munkagwira ntchito yanji? Ngati munagwirako zitsulo kapena matabwa, ndikuuzani poyambira.