Musamugwire dzanja, achemwali

Achemwali, mwaswera bwanji? Ndaliona funso lanu m'gulumu, loti mnyamata wanuyo wakwanitsa zaka 3 koma akungokhwatchakhwatcha papepala, komanso krayoni akugwirira kumanzere, ndiye muyambe kumugwira dzanja kapena ayi. Ndati ndiyankhe pakamwa, kulemba kundichedwetsa.

Ayi ndithu, musamugwire dzanja. Kukhwatchako ndiye kujambula kwake pa msinkhu umenewu. Ana amayamba zimenezi akangopitirira chaka chimodzi, krayoni atafumbata m'manja ngati mpini. Pofika zaka 3 ambiri amatha kutengera chozungulira mukawajambulira, mtanda umabwera cha pa zaka 4. Ndiye pakati pa zaka 3 ndi 4 mpamene kamatulukira kamunthu kangati mbululu kaja, chimutu chachikulu, miyendo iwiri yochokera kumutu komweko, thupi palibe. Kugwira pensulo ndi zala zitatu kumabwera pambuyo, zala zikalimba.

Zamanzerezo musiyeni. Pa anthu 10 alionse pafupifupi mmodzi amakhala wamanzere, ndipo ena pa zaka 3 amakhala akusinthasinthabe manja. Inu muziika makrayoni pakati, atole yekha ndi dzanja lomwe akufuna.

Koma chomwe ndikufuna ndikuuzeni kwenikweni ndi ichi. Mukudziwa kuti ine kujambula ndimakukonda kuyambira tili ana. Tsiku lina kamtsikana kangaka, kali ndi zaka 3 ndi theka, kanati, "Amama, galu." Ine ndi chimwemwe ndinajambula galu weniweni, makutu, mchira wopindika, mpaka ubweya. Kanamuyang'ana galuyo, kanayang'ana pepala lake, basi kanaika krayoni pansi. Sabata yonse kamangoti, "Ndijambulireni inuyo, ine sinditha." Achemwali, mtima unandiwawa. Mwana amene ankadzaza pepala lonse osaopa, ndinamuchititsa manyazi ndine.

Ndiye ndinasintha. Madzulo timayala katoni yaikulu pansi, iye mbali yake, ine mbali yanga, tagona chafufumimba. Ine ndimajambula zanga zosavuta, mizere, madontho, masamba, osakhudza mbali yake. Patapita masiku angapo kanayambiranso. Mukakaona kakujambula, lilime lili panja pang'ono, kakupuma mwamphamvu, krayoni ikulira pakatoni chifukwa chokanikiza, inu simungafune kukasokoneza.

Chinanso, ndinasiya kufunsa kuti "n'chiyani chimenechi?" Funso limenelo limamuuza mwana kuti chinthucho sichikuoneka. Ndimati, "Tandiuza za chithunzi chakochi." Eee, pamenepo ndiye nkhani imatuluka! Dzana kanandionetsa mizere yofiira yokhayokha, kakuti ndi mvula ikugwera basi, ndipo kadontho kali pakona ndi ine ndikuthamangira zovala pachingwe. Ndikanangoti "chabwino, wakhoza," zonsezo sindikanazimva. Kandijambulanso ine manja akutulukira m'makutu, zala zisanu ndi zitatu dzanja limodzi. Sindinakonze kalikonse. Ndinalemba deti kuseri kwake ndi mawu omwe kananena, n'kusunga m'fayilo. Chitani zimenezo, mudzaona nokha mbululu ija ikumera thupi miyezi ikamapita.

Pa zipangizo musavutike. Mapepala olembedwa mbali imodzi amakwana. Makrayoni akhale onenepa aja, osavuta kugwira, ndipo muziwerenga paketi ngati alembapo kuti alibe poizoni, chifukwa pa msinkhuwu zinthu zimapitabe kukamwa. Akayamba zolemba khoma, mumatireni pepala lalikulu pakhomapo, pofika iye, mumuuze kuti malo ake ndi amenewo. Kwathu kuno zinathandiza.

Mawa madzulo takhalani naye pansi mphindi khumi zokha, inunso ndi pepala lanu, foni ili patali. Mukatero munditumizire chithunzi cha zomwe wakhwatchazo, ndi zomwe wanena kuti n'chiyani. Ndasiya kaye, kakundikoka chitenje kuno, kakuti krayoni yobiriwira yasowa.