Mlatho wa ku Goole umazunguliradi

Mayi wina amene amatiwerenga ali ku Hull, ku England, wanditumizira imelo. Akuti podutsa pa sitima kupita ku Doncaster anaona kanyumba pamwamba pa mlatho, pafupi ndi Goole, ndipo mnzake anamuuza kuti mlathowo umazungulira. "Kodi n'zoona, kapena amangondinamiza? Nanga kalelo kopanda magetsi ankautembenuza ndi chiyani?"

Mayi, sanakunamizeni. Mlathowu uli pa mtsinje wa Ouse, ndipo unatsegulidwa mu 1869. Anaukonza ndi Thomas Elliot Harrison, injiniya wamkulu wa kampani ya sitima zapamtunda ya North Eastern Railway.

Bwanji sanangoumanga m'mwamba kuti zombo zizidutsa pansi? Dera lija ndi lachidikha, pomwe sitima yapamtunda imadana ndi chitunda. Mawilo achitsulo amaterereka panjanji. Kuti ikwere pamwamba pa milongoti ya zombo, pakanafunika kuunjika dothi mtunda wautali mbali zonse ziwiri. Zombo nazo zinayamba kuyenda pa Ouse njanji kulibe, sakanazitsekera njira. Choncho chigawo chimodzi, cha mamita pafupifupi 76, anachikhazika pa mizati mumtsinjemo kuti chizitembenukira pa timawilo tachitsulo. Kanyumba munaona kaja ndi ka woyendetsa.

Chotembenuza chake chinali madzi, ndipo apa m'pomwe ine ndimawavulira chipewa. Makinawo anachokera ku kampani ya William Armstrong. Injini ya nthunzi inkapopera madzi pang'onopang'ono mu chimpope choimirira, madziwo n'kumakankhira m'mwamba chitsulo cholemera kwambiri. Chikakwera, chinkangodikira chili chipanikizire madziwo. Chombo chikafika, woyendetsa ankatsegula vavu, chitsulo chija n'kutsika, madzi n'kuthamangira ku makina otembenuza. Ndiye kuti kainjini kakang'ono kankasunga mphamvu ngati chimanga m'nkhokwe, yodzagwiritsa ntchito nthawi imodzi.

Komabe kutsegula si nkhani. Chovuta n'kutseka. Njanji za pamlatho ziyenera kukumana ndendende ndi za kumtunda, nsonga zonse ziwiri zichirikizidwe ndi kukhomedwa, apo ayi sitima igwera m'madzi. N'chifukwa chake siginolo silola sitima kudutsa mlatho usanakhomedwe.

Mdani wake wamkulu wakhala zombo zomwe umazipatukirazo. Mu 1973 china chinauwomba mpaka chigawo chimodzi kugwera mumtsinje, ndipo mu 1988 chinanso chinaugunda. Anaukonza, ndipo ndi womwewo munawolokapo tsiku lija. Ulendo wina mukhale kuwindo sitima ikangonyamuka pa siteshoni ya Gilberdyke.