Dzira m'kati mwa mtima wa buledi, popanda gluten

Bambo wina watilembera imelo kuti akazi awo anapezeka ndi matenda a celiac. Akufuna kuwakonzera kadzutsa wachikondi, dzira ndi buledi wowotcha, pa tsiku lokumbukira ukwati wawo, koma buledi wopanda gluten amangowanyenyekera m'manja.

Bambo, maganizo anu ndi abwino zedi. Tiyambe ndi zomwe zingadwalitse mayi. Gluten ndi puloteni ya mu tirigu, balere ndi rye, ndipo kwa wodwala celiac ngakhale nyenyeswa zochepa zimawononga matumbo aang'ono. N'chifukwa chake m'mayiko ambiri chakudya cholembedwa kuti "gluten-free" sichiloledwa kukhala ndi gluten yopitirira magawo 20 pa miliyoni. Choncho tosita (makina owotchera buledi) ya masiku onse isiyeni, pansi pake pamakhala nyenyeswa za buledi wa tirigu. Batala amene mpeni wa buledi wamba unalowamo musamukhudze, tsegulani watsopano. Chiwaya, thabwa lodulirapo ndi manja, zonse zitsukidwe ndi sopo. Ngati mukuganiza zowonjezera soseji, werengani pepala lake kaye, ambiri amawasakaniza ndi tirigu.

Buledi ameneyu amanyenyeka chifukwa gluten ndi imene imamanga ufa pamodzi. Ufa wa mpunga, wa chimanga kapena sitachi ya chinangwa alibe mphamvu imeneyo, ndipo buledi wake amauma msanga. Sankhani magawo okhuthala, pafupifupi masentimita 2. Ngati anali mu firiji yowumitsa, muduleni asanafewe kwenikweni, pamenepo amagwirana bwino. Ndi chodulira cha maonekedwe a mtima, kapena nsonga ya mpeni wakuthwa, bowolani mtima wa masentimita 6 kapena 7 pakati, n'kusiya mphepete yosachepera sentimita imodzi ndi theka. Mphepete ikapyapyala imathyoka potembenuza.

Sungunulani supuni imodzi yaikulu ya batala pa moto wochepa. Batala akayamba kuchita thovu, ikani buledi pamodzi ndi timitima tomwe mwadula tija, muwotche mbali imodzi kwa mphindi 2 kapena 3. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amaswa dzira nthawi yomweyo, dzira n'kupsa buledi akadali wotuwa. Buledi wopanda gluten amachedwa kufiira, mupatseni mpata ayambe yekha. Mukatembenuza, ponyani kabatala pang'ono m'bowomo.

Dzira liswereni m'kapu, osati m'chiwaya. Likhale latsopano, pakuti choyera cha dzira lokhalitsa chimakhala chamadzimadzi, chimadutsa pansi pa buledi ndipo mtima uja umasowa. Ngati dzira ndi lalikulu, tapaniko supuni imodzi ya choyeracho. Thirani pang'onopang'ono uku mukukanikiza buledi ndi chotembenuzira kwa masekondi 20, kenako vindikirani. Nthunzi imapsetsa pamwamba m'mphindi 2 kapena 3 popanda kutembenuzanso. Choyera chikalimba koma chikasu chikugwedezekabe, chotsani. Ngati mayi ali oyembekezera, dikirani chikasucho chilimbe kotheratu.

Mchere ndi tsabola wakuda muwaze pomaliza. Mbale muitenthetse ndi madzi otentha n'kuipukuta, chifukwa buledi ameneyu akazizira amalimba msanga. Ine ndimaona kuti zokongoletsa zisachuluke: kamtima kowotcha kaja katsamire pambali kuti azisunsira m'chikasu, zipatso zofiira pang'ono, basi. Tiyi kapena khofi akhale atathiridwa kale dzira lisanalowe m'chiwaya.