Kalipa wotchipa muzimuyesa musanalipire

Bambo wina wolima masamba ku Orange Farm anagula zolumikizira mapaipi, atafika kudimba zinakana kulowa. Tsopano akufunsa ngati kalipa wotchipa, kachida ka nsagwada koyezera kukula kwa zinthu m'mamilimita, angawathandize kapena n'kungotaya ndalama.

Akuthandizani bambo. Kuno ku Joni paipi yakuda yofewa ya LDPE amaitchula ndi kukula kwa mkati, pomwe yolimba ya HDPE amaitchula ndi kukula kwa kunja. Zonse zilembedwa 25 mm koma sizilingana, ndipo mpamene alimi ambiri amaluzira ndalama. Tinsagwada tating'ono ta pamwamba pa kalipa ndi toyezera mkati, zazikuluzo ndi za kunja.

Koma musatuluke naye m'sitolo musanamuyese. Pukutani nsagwada, muzitseke, muzikweze poyang'ana kuwala. Kuwala kukamadutsa pakati, makamaka kunsonga, mubwezeni pashelefu. Mutsekule ndi kutseka kangapo: nthawi zonse azibwerera pa ziro. Kenako pisani m'thumba. Ndalama yachitsulo ya R1 ndi 20 mm, ya R2 ndi 23 mm, ya R5 ndi 26 mm. Ikani R5 mkati mwenimweni mwa nsagwada, muyezenso kunsonga. Manambala akasiyana, ndiye kuti nsagwada zikugwedera, ndipo azikunamizani tsiku lililonse. Wogulitsa akakana kuti mutsekule paketi, pitani kwina.

Kalipa wapulasitiki amawerenga mpaka 0.1 mm, zomwe n'zokwanira pa mapaipi ndi posankha anyezi wokagulitsa ku msika wa City Deep, kungoti mchenga umamudya msanga ndipo mukamufinya amapinda. Wamanambala a pagalasi ndi wosavuta kuwerenga, koma ambiri otchipa amadya batire ngakhale mwawazimitsa, ndipo madzi akangofika pa mpiringidzo manambala amayamba kulumphalumpha. Chotsani batire mukamusunga. Kwa munthu wokhalira kugwira madzi ndi matope, ine ndimasankha wachitsulo chosachita dzimbiri wa 150 mm, wa timizere, wopanda batire. Kuwerenga timizereto mumazolowera madzulo amodzi.

Mayi wina wa ku Soweto wafunsa za masipanala otchipa omwe akuwononga mitu ya mabawuti a pampu yawo. Mayi, zilembo za Cr-V, zosonyeza mtundu wa chitsulo cholimba, aliyense atha kuzidinda pachitsulo, musazidalire zokha. Kalipa yemweyo ayeze kukamwa kwa sipanala. Ya 13, yomwe imagwira bawuti wa M8 (wonenepa 8 mm), ipitirire 13 mm pang'ono chabe, ikafika 13.5 iziterereka n'kudya ngodya za bawutiyo mpaka kukhala wozungulira. Onaninso pulayala poitseka: mano akumane kunsonga, ndipo msomali wapakati usagwedere. M'malo mwa bokosi lodzaza zida zofewa, gulani masipanala abwino a 10, 13 ndi 17, omwe mumawagwira kawirikawiri pa pampu ndi wilibala.