Kodi pulogalamu yakale ya sitoko tiitaye, kapena tiilumikize ku yatsopano?

Mayi wina amene amayang'anira za ndalama pa kampani yogulitsa zipangizo zomangira mopikulitsa wandilembera kalata pa imelo, ndipo ndaona kuti ndibwino ndimuyankhire pano poyera chifukwa vuto lake lili m'makampani ambiri. Mwachidule, kampani yawo ili ndi likulu ku Limbe ndi nthambi ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Sitoko, mitengo ya katundu ndi ngongole za makasitomala zimasungidwa m'pulogalamu imene mnyamata wina anawalembera pa Microsoft Access kalekale, ndipo mnyamatayo anapita kunja, sapezekanso. Tsopano eni kampani akufuna makina atsopano ogulitsira pa kauntala amene amasunga zonse pa intaneti, komanso akufuna kuti ndalama zolowa pa Airtel Money ndi TNM Mpamba zizionekera zokha m'mabuku. Ogulitsa pulogalamu yatsopanoyo awalangiza kuti asamutse zonse Loweruka ndi Lamlungu, Lolemba adzayambe ndi chatsopano. Funso la mayiyu ndi lakuti: kodi titaye chakalechi nthawi imodzi, kapena pali njira yoti ziwirizi ziyendere limodzi?

Mayi, musalole zosamutsa zonse m'masiku awiri. Lumikizani ziwirizi kaye, muzichotsa ntchito m'pulogalamu yakale imodziimodzi, ndipo mulembe tsiku limene mudzaizimitse kotheratu. Ndifotokoza chifukwa chake ndi mmene zimachitikira.

Amene anakulangizani zosamuka nthawi imodzi sananame pa chilichonse chokhudza kukalamba kwa pulogalamu yanu. Fayilo ya Access singapitirire magigabaiti 2, ndipo imawonongeka msanga magetsi akazima munthu ali mkati molemba, kapena anthu akamaitsegula kuchokera kutali pa netiweki yodukaduka. Ngati kompyuta imene fayiloyo ilimo ikugwiritsa ntchito Windows 7, dziwani kuti Microsoft inasiya kutseka mipata ya chitetezo chake mu Januwale 2020, ndipo ya Windows XP inasiya mu Epulo 2014. Choncho kusamuka n'kofunika ndithu. Chimene ndikukana ndi kasamukidwe kake.

Mu Epulo 2018 banki ya TSB ya ku Britain inasamutsa maakaunti a makasitomala ake pafupifupi 5 miliyoni kumapeto kwa sabata imodzi, kuwachotsa m'makina a Lloyds Banking Group kupita m'makina atsopano amene anakonzedwa ndi Sabadell, banki ya ku Spain imene inagula TSB. Deta inasamuka, koma makina atsopanowo analephera kunyamula ntchito. Anthu pafupifupi 1.9 miliyoni anavutika kulowa m'maakaunti awo, ena ankaona maakaunti a anthu ena, ndipo zinthu sizinabwerere m'chimake mpaka mu Disembala chaka chomwecho. Mkulu wa bankiyo, Paul Pester, anachoka pa udindo mu Seputembala, bankiyo inawononga mapaundi pafupifupi 330 miliyoni pa vutoli, ndipo mu 2022 mabungwe oyang'anira mabanki anailipitsa chindapusa cha mapaundi 48.65 miliyoni. Iyi ndi banki yokhala ndi akatswiri mazanamazana. Chimene chinaipweteka kwambiri n'chakuti itangosamuka inalibenso kobwerera. Inu mukatseka chakale Lachisanu madzulo, Lolemba m'mawa n'kupeza kuti mitengo ya simenti ku Mzuzu yasokonekera pamene magalimoto a makontilakitala ali pamzere panja, mudzasowa mtengo wogwira.

Koma pagona nkhani si pa makina. Pulogalamu imene yagwira ntchito zaka zambiri imasunga malamulo a bizinesi amene sanalembedwe pena paliponse, ndipo ambiri mwa malamulowo ngakhale eni ake anawaiwala. Tengani misomali. Mumaigula m'makatoni, mumaigulitsa pa kilogalamu, ndipo penapake mkati mwa pulogalamuyo muli nambala imene imati katoni imodzi ndi makilogalamu angati. Tengani malata: a geji 28 ndi a geji 32, a mafiti 10 ndi a mafiti 12, mwina pulogalamu yakale imawasiyanitsa ndi zilembo ziwiri zakumapeto kwa nambala ya katunduyo zimene kalaliki wa sitoko yekha ndi amene amazimvetsa. Pali kasitomala amene amachotseredwa mtengo akagula matumba a simenti opitirira 100, pali wina amene amaloledwa ngongole ya masiku 30, pali katundu amene mtengo wake unalembedwa msonkho wa VAT uli kale mkati ndi wina amene msonkho umaonjezedwa pa lisiti. Pulogalamu yatsopano sidziwa chilichonse mwa izi kufikira munthu ataiuza, ndipo munthu sangaiuze chimene sanachifufuze.

Kampani ya magolosale ya Lidl ya ku Germany inaphunzira zimenezi modula. Inayamba kusamukira ku pulogalamu ya SAP mu 2011, n'kuisiya ntchitoyo mu 2018, ndipo nyuzipepala za kumeneko zinalemba kuti inali itawononga mayuro pafupifupi 500 miliyoni. Chimodzi mwa zifukwa zimene zinatchulidwa n'chakuti Lidl inkawerengera mtengo wa sitoko yake pa mtengo wogulira, pamene pulogalamuyo inapangidwa kuti iziwerengera pa mtengo wogulitsira, ndipo kusintha chinthu chooneka chaching'ono chimenechi kunakoka zosintha zina zambirimbiri. Choncho ntchito yanu yoyamba si ya akatswiri a makompyuta. Khalani pansi ndi akalaliki a sitoko ndi makashiya amene akhalitsa, mutenge malisiti enieni a mwezi wathawu, muwafunse kuti nambala iliyonse inachokera kuti, ndipo mulembe zimene anene. Zimene mudzamve zidzakudabwitsani.

Njira imene ndikukulangizani inatchuka ndi katswiri wa mapulogalamu Martin Fowler mu 2004, amene anaifanizira ndi mitengo ya mtundu wa mkuyu imene anaona ku Australia. Kwathu kuno timaiona pa kachere: amamera pa nthambi ya mtengo wina, n'kutsitsa mizu pang'onopang'ono mpaka pansi, ndipo pofika nthawi imene mtengo wamkatiwo ukufa, iye amakhala ataima kale payekha. Pulogalamu yatsopano itenge ntchito imodzi, mwachitsanzo kugulitsa pa kauntala ya nthambi imodzi yokha, pamene yakale ikupitiriza zonse zotsala. Ikakhazikika itenge nthambi yachiwiri, kenako sitoko, ndipo ngongole za makasitomala zikhale zomalizira chifukwa ndi pamene kulakwitsa kumabala mikangano.

Kuti ziwirizi zizimvana pamafunika kapulogalamu kachitatu kokhala pakati, kamene ntchito yake ndi kutenga uthenga uku, kuumasulira, ndi kuupereka uko. Mapulogalamu atsopano ambiri ali ndi khomo lotchedwa API limene pulogalamu ina imatha kugogodapo ndi kupempha kapena kupereka deta. Access ya kwanuyo ilibe khomo lotere, koma imawerengeka kudzera pa ODBC, njira imene pulogalamu ina imawerengera deta yosungidwa mkati mwake, ndiponso imatha kutulutsa mafayilo a CSV, omwe ndi mizere wamba ya mawu ndi manambala, amene pafupifupi pulogalamu iliyonse imawalandira. Musanyoze njira ya mafayiloyi poiona yachikale. Fayilo imene ikutuluka madzulo aliwonse mukatseka, kapena pa ola lililonse, ndi yosavuta kuitsegula ndi kuona ndi maso pamene palakwika, ndipo pa bizinesi ngati yanu nthawi zambiri imakwanira. Ogulitsa mapulogalamu amakonda kunena zoti zonse zizichitika nthawi yomweyo. Afunseni kuti ndi nambala iti imene ikachedwa ndi ola limodzi mutaye ndalama. Mwina ndi sitoko ya katundu wothamanga ngati simenti basi. Chenjezo limodzi lalikulu ndi lakuti kapulogalamu kapakatika kaziwerenga kuchokera ku kope la fayilo yakale, ndipo ngati n'kofunika kulembamo, kalembe m'tebulo (mndandanda wa deta) lapadera limene munthu avomereze asanalilowetse. Kulemba molunjika m'matebulo a pulogalamu imene mwini wake kulibe ndi kumene kumawononga mabuku mwakachetechete.

Musanalumikize chilichonse, gwirizanani kuti nambala iliyonse mwini wake ndi ndani. Mtengo wa katundu usinthidwe malo amodzi okha, kwinako uzingolandiridwa. Dzina la kasitomala ndi malire a ngongole yake chimodzimodzi. Pamene mapulogalamu awiri onse ali ndi ufulu wosintha chinthu chimodzi, tsiku lina manijala wa ku Lilongwe adzakweza mtengo m'yatsopano, a ku likulu adzautsitsa m'yakale, ndipo kapulogalamu kapakati kadzasunga amene wafika mochedwa, kaya ndi wolondola kapena ayi.

Tinthu ting'onoting'ono timene timagwetsa ntchito zotere n'tochititsa manyazi kutchula, koma titchule. Tsiku lolembedwa 03/04 kwathu kuno ndi pa 3 Epulo, koma pulogalamu yochokera ku America idzaliwerenga ngati pa 4 Malichi. Lamulani kuti pakati pa mapulogalamu madeti aziyenda chaka, mwezi, tsiku, monga 2025-04-03. Nambala ya foni ya kasitomala mmodzi ikhoza kulembedwa moyamba ndi 0, moyamba ndi 265, kapena ndi +265, ndipo wina akatsegula fayilo ya CSV mu Excel ziro woyambayo amasowa. Ngati mukudalira nambala ya foni kuti mudziwe amene walipira pa Mpamba kapena Airtel Money, munthu mmodzi adzasanduka makasitomala atatu. Ndiponso kawirikawiri wolipira si mwini ngongole: kontilakitala amatuma folomani wake kapena amalipirira pa ejenti. Choncho malipiro azilumikizidwa ndi nambala ya invoisi, ndipo amene alibe nambalayo azigwera m'akaunti yodikirira imene munthu aziiyang'ana tsiku lililonse.

Vuto lina limabwera ndi netiweki. Uthenga woti ndalama zalowa ukhoza kutumizidwa, yankho loti wafika n'kutayika panjira, ndipo wotumizayo n'kuutumizanso. Kapulogalamu kosaganiza bwino kadzalemba malipiro amodzi kawiri, ndipo ngongole ya kasitomala idzatsika ndi ndalama zimene sanapereke. Mankhwala ake ndi osavuta: malipiro alionse a pafoni ali ndi nambala yawoyawo, ndipo nambala imene yalembedwa kale isalandiridwenso. Pemphani amene akukulumikizirani akuonetseni pamaso panu, atumize uthenga umodzi kawiri muone chochitika. Achotsenso intaneti pa kauntala kwa ola lathunthu, kashiya apitirize kugulitsa, kenako aibwezeretse, muone ngati malisiti onse afika popanda kusowa kapena kubwereza. Pulogalamu ya pa kauntala imene imaima intaneti ikaduka siyoyenera kuno kwathu, ngakhale ioneke yokongola motani.

Pa nthawi yonse imene ziwirizi zikuyendera limodzi, udindo waukulu ndi wanu inuyo, Mayi, osati wa akatswiri. M'mawa uliwonse pakhale pepala limodzi loonetsa chiwerengero cha malisiti a dzulo ndi ndalama zake m'pulogalamu yatsopano, m'yakale, pa sitetimenti ya banki ndi pa sitetimenti za ndalama za pafoni. Zikasiyana ndi K500, musanene kuti ndi yochepa. Kusiyana kwa K500 kukhoza kukhala zolakwika ziwiri zazikulu zimene zaphimbana. Ntchito isachotsedwe m'pulogalamu yakale kufikira mutatseka mabuku a mwezi wathunthu manambala akugwirizana, ndipo musasamutse chilichonse m'miyezi imene anthu akumanga kwambiri kapena pafupi ndi kutseka chaka cha ndalama. Onetsetsaninso kuti malisiti a msonkho amene MRA imafuna akutuluka kuchokera malo amodzi okha, kuti katundu mmodzi asaoneke ngati wagulitsidwa kawiri.

Za ndalama ndinene mwachidule. Mapulogalamu ambiri a pa intaneti amalipiridwa mwezi ndi mwezi m'madola, ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 amene anali ndi mapangano otere anaona bilu ikukwera tsiku limodzi. Funsani kuti mudzalipira m'ndalama iti. Kuyendetsa mapulogalamu awiri nakonso kumadya ndalama ndi nthawi ya antchito, ndipo n'chifukwa chake ndanena kuti tsiku lozimitsa yakale lilembedwe, poopa kuti kulumikiza kwa kanthawi kungasanduke kwamuyaya.

M'pangano limene musainirane ndi ogulitsawo muikemo kuti deta ndi yanu, ndipo mudzaitenga yonse m'mafayilo owerengeka nthawi iliyonse imene mwafuna, popanda malipiro apadera. Muikemonso kuti kodi ya kapulogalamu kapakati (malangizo amene akatswiri analemba pokapanga), mapasiwedi ake ndi kabuku kofotokoza mmene kamagwirira ntchito zisungidwe ku kampani yanu. Popeza muli mayina, manambala a foni ndi ngongole za anthu, ndipo Malawi ili ndi lamulo loteteza deta ya anthu la 2024, afunseni kuti seva yawo, kompyuta imene imasunga detayo, ili dziko liti ndipo ndani amene angathe kuona zimene zilimo. Pulogalamu yakale ikadzazimitsidwa musaifufute: tulutsani matebulo ake onse m'mafayilo a CSV, musunge makope awiri malo osiyana, ndipo kompyuta yakeyo ichotsedwe pa intaneti koma ikhale yoti ikhoza kuyatsidwa ma oditala kapena a msonkho akafuna kuona za zaka zam'mbuyo. Koma chinthu choti muchite lero musanaweruke ndi kukopera fayilo ya Access ija, n'kuyesa kuitsegula pa kompyuta ina kuti mutsimikize kuti kopelo likugwira ntchito.