Kodi Kalulu akuphunzitsa ana athu kuba?

Mayi wina amene amakhala ku Johannesburg wandilembera kalata pa imelo. Akuti madzulo amasimbira ana ake nthano kuti Chichewa chisawathawe pakamwa, koma mwana wawo wamkulu wawafunsa chifukwa chake Kalulu, wabodza ndi wakuba uja, ndiye amene aliyense amamusekerera. Afunsanso ngati angamadumphe nyimbo za m'nthano, poti zina mawu ake samveka.

Mayi, zikomo polemba, ndipo mwana wanuyo wafunsa funso labwino zedi.

Tiyambe ndi nthano ya chitsime, imene ndikhulupirira mumaidziwa. Kunagwa chilala, nyama zonse zinagwirizana kukumba chitsime, Kalulu yekha nakana. Madzi atatuluka, iye ankabwera mozemba, nanyengerera mlonda ndi uchi, kumumanga, kenaka kutunga madzi ndi kusambamo. Nyama zamphamvu zinalephera kumugwira. Amene anamugwira ndi Fulu, wochedwa uja, amene palibe ankamuwerengera.

Taonani komwe nthanoyi yaika ulemu. Kalulu amatiseketsa, inde, koma amene watchinjiriza chitsime cha mudzi ndi Fulu. Ndipo amene achita manyazi kwambiri ndi alonda aja, akuluakulu amene anagulitsa madzi a anthu onse chifukwa cha kukoma kwa uchi. Ine ndimaona kuti agogo athu ankaloza pamenepo. Munthu wamba sakanatha kuuza mfumu kapena nduna yake pamaso kuti ndi wadyera, koma ankatha kunena za Njovu ndi Mkango usiku pamoto, aliyense n'kumva yekha amene akunenedwa. Kalulu ndi wamng'ono, alibe nyanga, alibe mano oopsa. Omvera ambiri analinso otero pa moyo wawo, n'chifukwa chake mtima unkakhala mbali yake akamapusitsa wamkulu. Koma akayamba kubera anzake ofanana naye, nthano imamutumizira Fulu.

Tsono za nyimbo. Chonde musazidumphe. M'nthano zathu zambiri, choona chimene anthu akubisa chimatulukira m'nyimbo. Kumbukirani nthano zija za mwana wophedwa kutchire ndi mbale wake: wolakwa amabwerera kumudzi n'kunama, koma kambalame kamatera pamtengo n'kuimba zimene zinachitika, kubwereza mpaka akulu atatchera khutu. Mukachotsa nyimboyo, mwachotsa mboni.

Zimenezi sizinali za m'nthano zokha. Amayi posinja chimanga pamtondo ankaimba za mwamuna womwetsa ndalama kumowa, za apongozi ovuta, za mkazi mnzawo wa pamitala. Dzina silinkatchulidwa, koma mwini nkhani akamadutsa ankadziwa kuti munsi ukugunda iye. Ndipo sakanakasuma, poti ndi nyimbo. Zimandiwawa kuti chigayo, ngakhale chinapeputsa ntchito ya amayi, chinatontholetsanso bwalo limeneli m'midzi yambiri.

Mawu osamvekawo ali mitundu iwiri. Ena ndi akale, kapena anachokera ku Chiyao, Chilomwe kapena Chingoni pamene nthano inkayenda mudzi ndi mudzi. Amenewa funsani agogo kumudzi pa foni akadali moyo, ndipo muwajambule mawu. Ena ndi ongotsanzira kulira kwa mbalame, kugunda kwa ng'oma kapena kayendedwe ka nyama, ndipo ntchito yake ndi kupatsa ana poyankhira. Nthano yathu siyenda ndi munthu mmodzi. Inu mukati "Padangotero," iwo ayenera kuti "Tili tonse," ndipo nyimbo ikafika, inu mutsogole, iwo avomere.

Usiku uno simbaninso ya chitsime ija, koma musawauze tanthauzo. Mukafika pa "Kaphuleni mbatata," iwo atayankha kuti "Yapserera," mufunse wamkuluyo kuti pakati pa Kalulu ndi mlonda amene analandira uchi, wolakwa kwambiri ndani. Mudzandilembere zimene ayankhe, ndikufunitsitsa kumva.