Ukapite anthu atabalalika

Mdzukulu wanga wa ku Malindi, funso lako ndalimva. Ukuti bambo ako anamira panyanja, ndipo chichitikireni ngozi ya ndege ku Chikangawa, inu achinyamata amene munaferedwa mwadzidzidzi mwapangana zoyendera anzanu ogwa m'tsoka lotere. Koma ukuopa kuti mwana salankhula pamaliro, ndiponso sukudziwa chokanena.

Tsiku lija ndimalikumbuka. Linali Lolemba, pa 10 June 2024. Ndege ya asilikali inanyamuka ku Lilongwe m'mawa ndi anthu 9, kuphatikizapo wachiwiri kwa pulezidenti a Saulos Chilima ndi mayi Shanil Dzimbiri, mkazi wakale wa a Bakili Muluzi. Amapita kumaliro a Ralph Kasambara, nduna yakale ya zamalamulo. Ku Mzuzu inalephera kutera chifukwa nyengo sinali bwino, kenako inangoti zii. Anaipeza mawa lake m'nkhalango, palibe anapulumuka. Usiku umenewo dziko lonse linagona khutu lili pa wailesi, ndipo ine ndinati mumtima: lero a kumtunda alawako zimene akazi a asodzi timazidziwa. Amuna anga mwera unawapeza pakati panyanja akupha usipa. Ndinakhala pamchenga masiku atatu, bwato lililonse lotulukira ndikuti ndi lawo. Imfa ya matenda imakupatsa mpata wophika phala, wosinthana mawu otsiriza. Iyi ayi. Munthu watsanzika m'mawa ali bwinobwino, iwe n'kutsala ndi sopo wake akadali wonyowa kubafa.

Za mwambo usavutike nazo. N'zoona kuti pasiwa amalankhula ndi akuluakulu, a mfumu, a shehe kapena abusa, ndipo iwe pamenepo ntchito yako ndi kutunga madzi ndi kusonkha moto. Koma pa tsiku la maliro namfedwa sasowa munthu. A Chilima dziko linawalira masiku 21, ku Nsipe kumene anaikidwa kunadzaza anthu osawerengeka. Nanga pa tsiku la 22 pakhomo pa mabanja aja panatsala ndani? Kwathu kunonso, sadaka ikatha, mapoto obwereka akabwezedwa, achibale akakwera minibasi, m'nyumba mumakhala chete woopsa. Nthawi yako ndi imeneyo, ndipo palibe mwambo ukuletsa. Ungoyamba wadziwitsa mwini mbumba, ndipo mtsikana aziyendera mtsikana mnzake kapena mayi, anthu angakupangire nkhani.

Ukafika usathamangire kunena kuti "inenso zinandichitikira". Akudziwa kale, n'chifukwa chake akuyalira mphasa. Ine wina anabwera kudzandipepesa, n'kutha tsiku lonse akulira mwamuna wake wa kalekale, mpaka womutonthoza ndinakhala ine. Nkhani ya bambo ako uisunge kufikira atakufunsa yekha kuti, "Kodi iwe unayamba liti kugona tulo?" Apo umuyankhe zoona, ngakhale yankho likhale loti patapita chaka. Asanafunse, tenga lichero umuthandize kupeta, kapena mupite limodzi kudooko kukachapa. Mawu ambiri amatuluka manja ali pantchito.

Mawu oti "limbani mtima" ndi "chinali chifuniro cha Mulungu" uwasiyire a shehe ndi abusa, iwo amadziwa powaika. Dzina la malemu usaliope, anamfedwa amalilakalaka chifukwa aliyense amalizemba.

China chimene chimandinyansa ndi mafoni anuwa. Ngozi ya Chikangawa itachitika, aliyense anasanduka woyendetsa ndege, wina akuti ndi nkhungu, wina akuti alipo anachita. Panyanja n'chimodzimodzi: bwato likangomira, mawa lake mwamva kuti anamulodza mnzake wolimbirana naye ukonde. Namfedwa akafuna kufunsa chimene chinachitika, ndi ufulu wake, umumvere. Koma iwe usamutengere mphekesera, kapena kumuonetsa zithunzi za pa WhatsApp.

Ukaona kuti masabata akupita munthu sakudya, sakusamba, kapena wayamba kunena zomutsatira malemu, usasunge chinsinsi chimenecho. Uza wamkulu wa pabanjapo tsiku lomwelo, mupite naye kuchipatala.

Ndiye iwe mwini. Bala lako silinapole kwenikweni, ndamvera mmene wafunsira. Usayendere makomo atatu pa sabata ngati wogulitsa mandasi, limodzi lakwana. Mwera ukayamba mu June mtima udzakuwawa, tsiku limenelo usadzapite kwa aliyense. Udzabwere kuno, udzandipeza pakhonde ndikusenda chinangwa, mpeni wachiwiri ulipo.